A Mfuko Akumba Chitsime ku Tete

Ku Pembamoyo, m'boma la Chadiza, mukafunsa za a Francisco, anthu amayamba akanda kumutu. Koma mungonena kuti a Mfuko, ngakhale mwana akulozerani nyumba. Dzinali linabwera chifukwa moyo wawo wonse ndi wa pansi, kukumba zitsime. Ku Zambia anafika ali kumsana kwa amayi awo pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo kwawoko ankangokumva m'nkhani.

Chilala cha 2024 chitafika povuta, kutchalitchi analengeza kuti mudzi wina wa ku Tete ukufuna anthu odzipereka okakumba chitsime popanda malipiro. A Mfuko anaimika dzanja. Akazi awo, a Elinata, anangoti, "Pitani, koma mvula yoyamba ikupezeni kuno. Munda sudzidzala wokha."

Kutentha kwa kumeneko si kwa ku Chadiza ayi. Nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Dzuwa likafika pamutu, eni mudzi ankasiya mapiki n'kukagona pansi pa mlambe. A Mfuko zinawanyansa. "Ndi ulesi umenewu mudzamwa fumbi!" anatero, n'kutsikira m'dzenje okha. Paja safunsa anadya phula.

Anachita kuwatulutsa ndi chingwe atakomoka. Potsitsimuka anapeza thupi lonse lanyowa, amayi atatu ataima pambali ndi zigubu zopanda kanthu. Anali madzi akumwa a tsikulo, otungidwa kutali m'bandakucha. A Mfuko anagwidwa ndi manyazi aakulu mpaka misozi inatsika.

Kuyambira pamenepo ankakumba m'mamawa ndi madzulo ngati anzawo, koma thanthwe linawachedwetsa. Tsiku lina a Elinata anaimba foni. "Mvula yagwa kuno, anzanu akudzala. Mukubwera?"

"Mayi, anthuwa anandithira madzi a ana awo. Ndiwasiyire dzenje louma?"

A Elinata anayankha kuti, "Kumbani. Ndidzala ndi alongo anga. Koma kupalira n'kwanu, musayese mwapulumuka."

Sabata yotsatira piki inalowa mofewa. A Mfuko anagwada, nafukula ndi manja mpaka zala zinamva kuzizira. Anatunga m'kachitini, anakaika m'ndowa, n'kugwedeza chingwe kuti akoke. Ndowa itafika kumwamba, nthungululu zinasweka mudzi wonse. Madziwo anali amatope, osadzaza ndi kapu yomwe, koma panalibe amene anadikira kuti adikhe.