Mamita Awiri a Mayi Tepi

Mumsewu mwathu onse ankawatchula kuti Mayi Tepi, chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo ngakhale popita kumaliro. Anasoka madiresi zaka makumi awiri ndi zitatu m'kachipinda ka mashini atatu, ndipo ankadzitama kuti sanakhumudwitsepo kasitomala. Nsalu ikaperewera pakati pa ntchito, ankangothamangira kwa Madala, wogulitsa nsalu wa pakona, n'kuipeza yomweyo, mtundu womwewo. Iwo ankati ndi mwayi wobadwa nawo.

Miyendo itayamba kuwavuta Madala, sitolo anaisiyira mwana wawo wamkazi. Mtsikanayo anali wochangamuka zedi. Katundu ankaitanitsa pafoni, mpukutu wofika Lolemba pofika Lachinayi watha, sabata yotsatira kwabwera wamaluwa ena.

Nthawi imeneyo Mayi Tepi anali ndi ntchito yaikulu: madiresi khumi ndi awiri a operekeza mkwatibwi, ukwati Loweruka. Nsalu yake yobiriwira anagula sabata yomaliza imene Madala anali m'sitolomo. Lachitatu, akudula diresi lomaliza, sizasi inafika pathebulo popanda kanthu. Nsalu ya siketi panalibe! Sanadandaule, anangovala nsapato ulendo wa pakona.

"Imeneyo inatha kalekale, mayi," anatero mtsikanayo.

"Inatha bwanji? Tayang'ana bwinobwino, mwanawe."

"Ndayang'ana. Ndipo kufakitale anasiya kupanga. Sankhani pa izi."

Anawaonetsa pafoni nsalu zobiriwira zinayi. Kwa Mayi Tepi zonse zinali chimodzimodzi, komanso palibe inali yawoyo. Anagula imene inali pashelefu, koma atakaiyala padzuwa pafupi ndi madiresi ena aja, ayi ndithu, ngakhale mwana akanaona kusiyana. Lachinayi anazungulira masitolo asanu, kachidutswa ali nako m'manja, thukuta kamukamu. Ena ankati mubwere mwezi wamawa, ena ankangopukusa mutu. Nanga zaka zonsezi nsalu inkapezeka bwanji? Kapena mtsikanayo akuwabisira dala? Anamulakwira chiyani?

Lachisanu m'mawa anapita kunyumba kwa Madala kukamuneneza. Anawapeza pakhonde, miyendo ataisanjika pampando.

"Bambo, mwana wanu uja akupha sitolo. Nsalu mpaka kutha, zoona?"

Madala anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anaitana akazi awo kuti abweretse jumbo imene inali pamwamba pa wadiropu. Mmenemo munali nsalu yobiriwira ija, yopindidwa bwino, pakona atabayapo kapepala kolembedwa kuti Tepi.

"Mayi, inu poyeza mumaiwala zopinda ndi m'mphepete. Kuyambira tsiku loyamba lenileni. Ndiye mukangotuluka, ine ndinkadula mamita awiri n'kuika pansi pa kauntala. Iyi ndinaitenga pamodzi ndi katundu wanga pochoka, n'kuiwala."

"Zaka zonsezi? Bwanji osandiuza?"

"Ndinayesapo kamodzi. Munatha miyezi itatu osandipatsa moni."

Mayi Tepi anafuna kukwiya, anafuna kuthokoza, zonse zinakanika. Manyazi anawagwira kwambiri moti anatsanzika kawiri. Panjira ankangoyang'ana tepi yawo ngati yabwereka kwa munthu wina.

Diresi linasokedwa, ndipo Loweruka atsikana khumi ndi awiri analowa muholo atafanana ndendende. Anthu anayamikira Mayi Tepi kuti ntchito amaidziwa, iwo n'kumangogwedeza mutu.

Lolemba anapitanso kusitolo kuja ali ndi ntchito ina, masiketi asanu ndi limodzi. Anaima pakauntala, maso ali pansi pake pamene tsopano panali makatoni a mabatani basi. Mtsikana uja anatambasula mpukutu, sizasi ili m'manja.

"Ndidule mamita angati, mayi?"

Mayi Tepi anagwira tepi ya m'khosi ija, natsegula pakamwa. Anthu atatu anali kudikira kumbuyo kwawo.

"Tandithandiza kuwerengera, mwanangu," anatero motsitsa mawu.