Pikapu Yomwa Madzi a M'nyanja

Chaka chimene ndinasiya koleji, malume anga a ku Chia anandilonga uinjiniya, poti pabanja ponse ndine ndekha ndinagonapo pafupi ndi laibulale. Anali ndi pikapu yakalekale yakufa injini, ndipo ankafuna kuti inyamule mpunga wawo kupita ku boma ogula asanachoke. Ku Ngala tinapezako injini ya dizilo yochotsa m'boti lakale.

Tinaimangirira, tinawotcherera, manja mpaka matuza. Inalira ndithu, koma tisanafike pamsewu wa tala inatentha n'kuyamba kufuka. Injini ya m'boti imaziziritsidwa ndi madzi amene imakoka m'nyanja n'kumawalavulira kunja. Ife tinaibweretsa kumtunda, nyanja yake n'kuisiya.

"Mphwanga, nanga titani?" anafunsa malume.

"Tiziinyamulira nyanjayo, malume," ndinayankha mwaulemu wonse.

Tinakweza migolo kumbuyo n'kulumikiza paipi. Pikapu inayenda bwinobwino, kungoti migolo ija inadzaza malo onse a katundu, ndipo wotunga madzi anali injiniya yemwe uja. Mpunga unapita ku boma pangolo ya ng'ombe. Ife tinkatsatira pambuyo, tikunyowetsa msewu.