Mchere wa M'keke ya Zukini

"Siyani mcherewo! Mng'ono wanga tangomuika dzana, lero mufuna kudulanso mwana?"

Amene anakuwa ndi alamu anga, mkulu wake wa mkazi wanga, amene anabwera kumaliro kuchokera ku Katete. Silinali dzana. Panali patapita masiku asanu ndi limodzi. Ine ndinali nditanjuta pakhonde la nyumba yathu ku Maramba, beseni la phala la keke lili pakati pa miyendo, zala zitatsina mchere.

"Kodi nyumba ino ndi ya yani?" ndinatero.

"Ndi ya maliro. Simunametedwe inu. Dzanja lanu lisathire mchere m'chakudya cha mwana, mufune musafune."

Chitini cha mchere ndinachiponya kukhoma. Mchere unamwazika mpaka pa nsapato za malemu, zomwe zinali zikadali pakhomo. Ndine wa mtima wapachala, a m'komboni onse ankadziwa. Koma tsiku limenelo dzanja linaponya lokha, monga limachitira likakhudza poto wamoto. M'kati mwanga munalibe kalikonse. Ndinayang'ana mchere pa nsapato zija, ndipo chimene ndinaganiza n'chakuti uwononga chikopa.

Zaka zimenezo ndinkaphika pa kaloji kena ka azungu obwera kudzaona mathithi. Ambiri anali achinyamata a zikwama zakumsana, ndipo ena mwa iwo sankadya chilichonse chochokera ku nyama. Dzira ayi, mkaka ayi, batala ayi. Poyamba ndinkati ndi matenda. Mwini malo anandiphunzitsa keke yawo ya koko, yafulati, yodula timagawo. Fulawa, shuga, koko, mafuta a saladi, soda, kamchere. M'malo mwa mazira munkalowa zukini, timaungu tobiriwira tooneka ngati nkhaka tomwe tinkalimidwa kuseri kwa khitchini. Ukatipala bwino timasungunukira momwemo, keke n'kukhala yonyowa, osaona n'komwe kuti muli ndiwo.

Azungu ankadya zapakati. Zam'mbali, zouma pang'ono, ndinkakulunga m'pepala n'kupita nazo kunyumba. Mwana wathu wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi, mazira ankamutulutsa zidzolo, moti keke ina iliyonse sankaiyandikira. Iyi yokha. Iye ndi mayi ake ankakhala pakhonde lomwelo n'kumalimbirana zam'makona.

Chiikireni maliro mwanayo sanadye. Tiyi wakuda basi, theka la kapu, n'kukagonanso chakukhoma. Phala anakana, mpunga anakana. Amalume ake anali atalamula kale asanakwere basi: mwana ndi wa kuchikazi, koma poti sukulu yake ili kuno, akhale ndi atate ake ngati angathe kumusunga. Alamu anatsala kuti aone. Ankabwerera Lachisanu, ndipo ananena poyera kuti mwana akapitiriza kusadya apita naye. Tsiku lomwe ndinaponya mchere linali Lachitatu.

Za mdulo ndinkazidziwa, ndinakulira momwemo. Amati wamasiye asanametedwe akathira mchere, wodyayo amatupa mapazi, chifuwa n'kumugwira. Ine ndinafika fomu faivi, ndinkaimba kwaya. Sindinkazikhulupirira, ndipo mpaka lero sindizikhulupirira.

"Mwana akufa ndi njala m'nyumbamo, inu muli pa mchere!" ndinakuwa. "Pamene mng'ono wanu ankadwala miyezi isanu munali kuti? Amene ankamutembenuza pamphasa ndani?"

Alamu anatenga tsache n'kuyamba kusesa mchere uja. Nsapato anazikutumula imodziimodzi, n'kuzibwezera pamalo pake.

Mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. "Ba neba, pang'ono pang'ono. Mwana amvela."

"Amve! Mwina adzuka."

Keke ndinaiphika yopanda mchere. Uvuni kunyumba tinalibe. Ndinathira mchenga pansi pa poto wamkulu, thireyi pamwamba pa mchenga, poto pa mbaula, makala ena pa chivundikiro. Unali mwezi wa Okutobala, malata akulira ndi kutentha. Ndinakhala pamenepo thukuta likudontha m'maso, osalipukuta.

Ndinadula kona imodzi n'kulowa nayo kuchipinda. Mwanayo anatembenuka atamva fungo. Analuma pang'ono, natafuna nthawi yaitali.

"Ba dadi, si yamene ija."

"Ndi yomweyo. Idya."

"Siimveka."

Anaiika pampando n'kuyang'ananso kukhoma. Ndinalawa. Ankanena zoona. Koko wopanda mchere amangowawa, shuga ali payekha, zukini akumveka udzu. Munthu amene waphika zaka khumi ndi zisanu sanafunike kuuzidwa ndi mwana. Thireyi yonse ndinapatsa ana a neba.

Madzulo dzuwa lisanalowe alamu anatulutsa chikwama n'kuyamba kupindamo madiresi a mwana. Sanandiyang'ane. Ine ndinakhala pa sitepe n'kumaonera. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kumva kanthu, monga momwe ndinkadziwira kumanda kuti ndiyenera kulira. Ndinangoona kuti yunifomu aipinda molakwika, kolala m'kati.

Akupinda choncho anayankhula, mawu ali pansi.

"Alamu, ine sindinati keke isakhale ndi mchere. Ndinati dzanja lanu."

"Ndiye muthire inuyo?"

"Inenso ndinasambitsa mtembo. Kodi mng'ono wanga masiku ena sankaitana mwana kukhitchini?"

Ankamuitana. Mwezi uliwonse, masiku angapo, ndiwo zili pamoto, ndinkamva akuti, "Iwe, bwela uike sauti." Mwana n'kuthamanga kuchokera kosewera, n'kuthira mchere, n'kubwerera. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti akumuphunzitsa kuphika. Mkazi woimba naye kwaya, wogona naye chipinda chimodzi, ankasunga mwambo umenewu pamaso panga ine osaona. Ndinakatsuka thireyi.

M'mawa mwake ndinalawirira kuloji wapansi. Mlonda anandipepesa za maliro, ine ndinamupempha kiyi wa kudimba. Ndinathyola zukini atatu. Pobwerera ndinagula kapaketi ka mchere pamsika wa Maramba, amayi akungoyala kumene matebulo.

Ndinapala zukini pa chitini chobowola ndi msomali, osafinya madzi ake. Ndinasakaniza zonse mpaka supuni inayamba kulemera. Kenako ndinanyamula beseni ndi paketi ija kulowa nazo kuchipinda.

"Dzuka. Bwera uthire mchere."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka, akugwira khoma. Miyendo inali ngati bango.

"Bwanji, ba dadi? Wambili?"

"Monga unkathirira kwa amako. Kawiri."

Anatsina, nathira. Anatsinanso. Chala chinakhudza phala la koko lija, ndipo anachinyambita. Anabwezanso chala m'beseni, dala tsopano.

Alamu anali ataima pakhomo, diresi lili m'manja. Ndinawadutsa n'kukakoleza mbaula. Keke itapsa ndinadula makona onse anayi. Atatu ndinaika m'mbale ya mwana, imodzi m'mbale ya alamu. Mwana ali mkati modya yachiwiri, ndinakatsegula chikwama chija, ndinatulutsa yunifomu, n'kuikoleka pa msomali wake.