Bonongwe wa Padzala

Shanice, mnzanga wa ku Jamaica amene timagona chipinda chimodzi kuno kunja, m'dera la Rawdat Al Khail, wazungulira mashopu dzuwa likuswa mtengo, kufunafuna masamba akwawo otchedwa kalalu. Atawaika pamoto ndi anyezi, fungo landiuza kuti ndi bonongwe.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti chomera padzala nachonso n'chinyalala. Anzanga akaona amayi akuthyola bonongwe pamenepo, ndinkati, "Ndi wa mbira zathu ameneyo." Tsiku lina amayi anamva. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuthyola mbandakucha, anthu asanadzuke.

Shanice walawa, misozi ili lengelenge. "Kwanunso mumadya?"

Ndangovomera ndi mutu. Manyazi amene ankawadzutsa amayi mbandakucha aja sanali awo, anali anga.