Agogo a ku Cuba ndi Mawu Akuti Tumbao

Nditangoyamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Springfield, anandipatsa agogo ena aamuna ochokera ku Cuba. Sitiroko inali itawapha dzanja ndi mwendo wakumanja, ndipo Chingerezi chonse chimene anaphunzira kuno chinawathawa. Ankangoyankhula Chisipanishi, mwa apo ndi apo. Chakudya ankakana, mafizo ankakana, tsiku lonse ali duu kuyang'ana pawindo.

Koma ine ndikangolowa, ankanditsatira ndi maso kuchokera pakhomo mpaka pabedi, kenako n'kunena kuti, "Tumbao."

Ine ndimayenda motsimphina pang'ono, chifukwa ndinagwa pa njinga ndili mwana ku Balaka. Komanso thupi ndili nalo ndithu. Ndiye khutu langa linkamva kuti "thumba". Mumtima ndinkati, agogo awa mawu onse anawathera, n'kusungako achipongwe okha?

Lamlungu lina masana kunabwera mwana wawo wa ku Arlington, mayi wamsinkhu wanga. Ndikulowa ndi tiyi, agogo anatulutsanso mawu awo aja. Mayiyo anagwira pakamwa n'kuyamba kuseka.

"Pepani amayi," ndinatero, "kodi bambo anuwa amandinena chiyani?"

"Akukuyamikirani," anayankha. "Ali mnyamata ankaimba ng'oma m'magulu a nyimbo zovina. Tumbao ndi kaimbidwe ka ng'oma yaitali, kamene kamabwerezabwereza pansi pa nyimbo za salsa. Sikagunda pamene mukuyembekezera, n'chifukwa chake chiuno chimangogwedezeka chokha. Ndiye kwathu munthu akamayenda mwa mtundu wake, ngati akumva nyimbo imene ena sakuimva, timati ali ndi tumbao."

Anandiuzanso kuti kaimbidweko kanayambira kwa anthu a ku Africa amene anatengedwa ukapolo kupita ku Cuba.

Chigwereni pa njinga paja, palibe amene anayamikirapo kayendedwe kanga.

M'mawa mwake nditawasambitsa, ndinakoka katebulo ka pabedi n'kuyamba kuomba kang'oma ka chimtali kamene tinkavina tili atsikana. Agogo anatembenuka. Anamvetsera, kenako anatambasula dzanja lakumanzere n'kuomba zawo patebulopo. Ndinayesa kutsatira, ndinaphonya. Anandimenya pang'ono pachala n'kubwereza. Nditalondola anafuula kuti, "Sabor!"

Mawu amenewo ndinakafunsa mnzanga wakukhitchini, mtsikana wa ku El Salvador. Anati ndi kukoma kwa chakudya, koma oimba amafuula choncho nyimbo ikafika penipeni. Ndinaseka, chifukwa nafenso timati gule wakoma. Ndinawaphunzitsa agogo kunena kuti "zakoma", ndipo liwulo ankalitchula ngati munthu wobadwira kwathu konkuja.

Tsiku lina mayi wa mafizo anatipeza tili pakati pa phokoso lathulo. Ndinayesa andikalipira, koma anati, "Musasiye." Ananyamula dzanja lakufa lija n'kuliika patebulo kuti lizimva kunjenjemera kwa katebuloko. Kuyambira pamenepo mafizo awo ankayamba ndi katebulo kaja, ndipo akamaliza ankadya osakakamizidwa.

Chisanu chitatha, mwana wawo anabwera ndi ng'oma yawo yakale, yaitali kufika m'chiuno, penti yofiira itasupuka m'mbali. Agogowo tinawakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka kuchipinda chochezera. Anasisita chikopa cha ng'omayo nthawi yaitali osaimba. Atayamba, okalamba ena anatuluka m'zipinda, ena ndi ndodo, ena pa njinga zawo. Agogo ena aakazi amene sankalola munthu kuwagwira anandikoka mkono kuti tivine.

Dzanja lakumanja silinachire lonse. Koma tsiku limenelo linali pachikopa, ndipo zala ziwiri zinkadzuka n'kugwa motsatira dzanja linzake. Mwana wawo anagwada pambali pa ng'omayo akuziyang'ana zalazo, misozi ili chuchuchu, uku mapewa ake akuvina.