Penti yasupuka pa mpanda wa manda a bambo

Mwaswera bwanji nonse.

Mpanda wachitsulo wa pamanda a bambo, umene ndinawotcherera sabata yatha uja, wandichititsa manyazi lero. Tikuukweza pa pikapu kuno ku Thambani, chingwe chinangoukhula pang'ono, penti n'kusupuka ngati khungu la mtedza wokazinga. Nditapititsa chala, ina yonse inatsalira m'manja mwanga.

Kulakwa ndi kwanga. Zitsulo zatsopano zimabwera ndi chikhungu chakuda chonyezimira chochokera ku fakitale. Chimafunika kupala kaye mpaka chitsulo chiyere, koma ine pothamangira tsiku la mwambo wa chiliza ndinangopaka penti pamwamba pake.

Amalume anali pomwepo, akuti, "Ingopakanso mphwanga, anthu adzauona tsiku limodzi lokha." Ndawakanira mwaulemu. Anthu adzauonadi tsiku limodzi, koma amayi azidzauona nthawi zonse akapita kukasesa. Mvula ikangogwa kawiri, dzimbiri lidzatulukira.

Ndiye ndautsitsa. Tizitsulo tokongoletsera mpandawo ndatichotsa, ndatinyika mu viniga m'beseni, ndipo chikhungucho chayamba kale kufewa. Zitsulo zazitali ndikupala ndi girayinda, magetsi akazima ndikugwira sandipepa. Mbali imodzi yayera mbee, zatsala zitatu, zala zatupa.

Mwambo wa chiliza ndi Loweruka. Ndiye ndiuzeni abale anga, tisunthe tsiku, kapena mubwera Lachinayi aliyense ndi sandipepa wake? Zonse ndilola. Koma dzimbiri lobisa pansi pa penti sindikaliimika pamutu pa bambo.