Anawerenga Msewu Wathu Ana Ali pa Holide

Ndinanyamuka ku komboni kwathu ku George cha m'ma seveni, Dalitso ali kumsana, nditamuwolotsa kale Misozi pa msewu wa ku sukulu. Misozi ali mu giredi wani.

Msewu umenewo ndiwo unandiyendetsa. Kampani ina ikufuna kumanga depoti ya malole a simenti pafupi ndi sukuluyo. Khonsolo isanavomereze, kampaniyo inatuma amuna awiri kudzawerenga magalimoto ndi anthu odutsa. Anakhala pansi pa mtengo wa mango masiku anayi, ine ndikuwagulitsa vitumbuwa. Tsono uthenga wa msonkhano wa ku khonsolo utafika, azimayi anzanga anati, "Amake Misozi, ndimwe munabaona. Yendani mukakambe."

Ine kulankhula pagulu sinditha. Ngakhale ku tchalitchi ndimakhala kumbuyo. Wolankhula pakhomo pathu ndi atate a Misozi, koma fakitale itatsekedwa anapita ku Solwezi kukafuna ganyu. Nyengo ya mvula yadutsa kawiri asanabwere.

Basi ya m'tauni inali makwacha khumi ndi awiri. Kondakitala anayang'ana Dalitso n'kunena, "Ba mayi, uyu ni mukulu, alipile!"

Mayi wina wonyamula tomato anandiyankhira. "Akalipila, umupase malo yako ya pa chitseko, iwe uyende pansi."

Basi yonse inaseka. Ine ndinasekera m'chitenje.

Pa msewu wa Lumumba tinaima nthawi yaitali kumbuyo kwa malole. Ndinayang'ana tayala limodzi pawindo. Linali lalitali kuposa Misozi.

Tinatsika m'tauni eyiti itakwana kale. Ndinagula chinangwa chootcha ndi nshawa za makwacha asanu, n'kuyamba wapansi, chifukwa basi yachiwiri ikanadya ndiwo za madzulo. Njira inandidutsitsa pafupi ndi siteshoni ya mabasi akutali. Oitanira ankakuwa, "Solwezi! Solwezi!" Miyendo inaima yokha. Ndinkayang'ana nkhope za otsika, ngakhale ndinkadziwa kuti atate a Misozi palibe. Akanakhalapo, bwenzi atatsogola ndi jekete yawo yabuluu, mawu atawakonza kale, ine ndikungotsatira ndi mwana.

"Ba sisi, mukwela?" anafunsa woitanira wina.

"Iyayi."

"Manje mwaimilila chani monga mwataya munthu?"

 Ndinamanganso chitenje n'kupitiriza.

Msonkhano wa teni unayamba leveni. Bambo wa kampani, wa tayi yofiira, anaonetsa mapu pakhoma. Anati msewu wathu uli ndi mpata, oyenda pansi ndi ochepa, malole sadzavutitsa munthu. Zambiri ananena m'Chingerezi, zina zinandipita. Koma mawu akuti ochepa ndinawamva bwino.

Amayi otsogolera msonkhano anafunsa ngati alipo wa ku George. Ndinayang'ana pansi. Anafunsanso, akutseka buku lawo.  Ndinaganiza za Misozi ataima m'mbali mwa msewu, chikwama chikumulemera, ndipo ndinangoona ndaimirira.

"Ba mayi, kambani mu Chinyanja, tizamva," anatero amayi aja.

"Banthu baja banabwela mu Ogasiti," ndinatero. "Masukulu yanali yovala, pa holide. Bana banali ku nyumba."

"Mwaziba bwanji?"

"Nenze kubagulisa vitumbuwa. Mwana wanga enze pafupi na ine masiku yonse, chifukwa enze pa holide."

Ena anaseka, koma amayi aja sanaseke. Anafunsa bambo wa tayi kuti anawerenga liti. Iye anatembenuza mapepala ake kwa nthawi, kenako n'kuvomera kuti munali mu Ogasiti. Amayi aja anati lero savomereza kanthu. Kampani ikawerengenso masukulu ali otsegula, kuyambira m'mawa ana akamapita.

Depoti mwina idzamangidwabe, sindikudziwa. Chomwe ndinaphunzira n'chakuti pepala limangodziwa zimene linaona masiku anayi, pamene ife msewuwo timauona chaka chonse.

Ndinafika ku George cha m'ma thuu, miyendo ili yotupa. Misozi anali tsidya lina, pa geti la sukulu, ataima pomwe ndinamuuza kuti asamachokepo. Anzake onse anali atapita. Atandiona anakweza dzanja, koma phazi sanasunthe. Ndinadikira malole awiri adutse, ndipo ndinawoloka kukamutenga.